Mondokwa wa Pamzere Wakuda

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, poti setilaiti inali itayamba kale kutisuzumira kuchokera kumwamba, kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nachisale. Munda wake unali utaguga. Chimanga chinkangofika m'mawondo n'kuchita chikasu, feteleza ngati akuthira pamwala. Ana ake atatu anagwirizana kuti akapandanso kukolola amutengere kutauni. Mayiyo zakutauni sankafuna n'kumva komwe, ndipo mtima unkamuwawa.

Woyamba, Yotamu, ankagwira ntchito yojambula mapu a nthaka. Anatsegula zithunzi za setilaiti za kumudzi kwawo, n'kuziyang'anitsitsa mpaka maso kuwawa. Kutchire la kumunsi kwa munda, kumene khasu linali lisanafikeko, anaona mizere iwiri yakuda. "Amayi, musamange katundu," anatero palamya. "Dothi labwino lingakhale pamenepo, koma wina akakumbe."

Wachiwiri, Esinati, ananyamula khasu. Pamzere woyamba anangopalasa pang'ono n'kupeza mchenga wokhawokha. Kuda konse kuja linali phulusa: osaka mbewa anali atatentha tchire chithunzi chisanajambulidwe. Wina akanabwerera akutukwana, koma Esinati anapita pamzere wachiwiri, nakumba mpaka dzenje kumulekeza m'chiuno. Dothi lake lakuda bii, lonyowa pakati pa chilimwe. "Achimwene sananame," anatero. "Pano panali khwawa kale."

Wachitatu, Lameki, atamva za khwawazo anakanda kumutu. "Achemwali, ngati panali khwawa, ndiye kuti madzi adzadutsanso pomwepa." Anazula zitsa, anaunda mizere italiitali, kenako anakumba ngalande m'mbali monse, anthu akumuseka kuti akukonzera mvula yoti kulibe. Mvula itabwera, inabwera yaukali. Madzi anatsata ngalande ija, chimanga osagwa ngakhale phesi limodzi.

Chaka chimenecho mundawo unachita kuda bii ndi kubiriwira, ndipo zakutauni zinathera pomwepo. Nachisale ankayenda m'mizere akuimba yekha.

Tsono pabanja limeneli panali mwambo. Mondokwa woyamba kukhwima mayi ankamuotcha yekha, n'kumupereka kwa mwana amene wagwira nyumba chaka chimenecho. Ankaperekedwa wathunthu, kumuthyola pakati ayi. Ana atatu aja anakhala pakhonde, aliyense akunamizira kuyang'ana kwina, malovu akumezera m'kati.

"Popanda chithunzi, mukanakumba pati?" anatero Yotamu.

"Popanda dzenje langa, mukanadzala paphulusa," anayankha Esinati.

Lameki anangoseka. "Mukanadzala pabwino pomwepo, madzi n'kukokolola zonse."

Nachisale anaima pakati pawo ndi mondokwa m'manja, wokondwa koma wothedwa nzeru, poti onse atatu ankanena zoona.

Ine pamenepa ndasamba m'manja. Inu amene mwakhala duu apa, tanenani mondokwayo asanazizire: amupatse amene anaona, amene anakumba, kapena amene anapatutsa madzi?