Timiyala pansi pa mphasa ya apongozi

Kalekale, mapiri asanafupike, m'chigwa chozizira chija munalibe mwala ngakhale umodzi. Ukafuna kugenda galu, umakwera phiri masiku atatu kukatola mwala, pobwera n'kupeza galu uja wakalamba, mano atatha. Dothi linali makande okhaokha, akuda bii, omata ngati ulimbo.

M'chigwamo munkakhala mlimi wa kachewere, dzina lake Kambwiri, wa kwa Mbewe. Anali munthu wosakhazikika: amadya ali chiimire, moni amapereka akuthamanga. Iyeyu anakwatira Nankhungu, mwana wa Mvula, n'kupita naye kwawo chitengwa. Ndiye kuti Mvula anali apongozi ake.

Chaka china Kambwiri anatsala ndi dengu limodzi lokha la mbewu. Atangodzala, apongozi anatulukira kudzacheza. Nankhungu anawayalira mphasa. Kambwiri anakagwada kuseri kwa nkhokwe, nkhope italoza kumbali, poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Uwauze amuna akowo kuti ndayenda bwino," anatero Mvula kwa mwana wawo. "Sindikhalitsa ayi. Ndingowongola miyendo."

Anaiwongoladi. Mwendo wina unakafika m'khola, wina kumunda. Mvula ndi madzi, ana inu, akakhala pansi sakhala pamodzi. Makande aja nawo anawakumbatira osawasiya. Sabata inatha, mwezi unatha. Nkhuku zinaphunzira kusambira. Achule ankabwera ndi akazi awo kudzapempha malo pakhonde.

Kambwiri ankazungulira munda kasanu dzuwa lisanakwere, mano akugundana ndi chisanu. Tsiku lina anafukula kachewere mmodzi m'mzere wa kumunsi. Anangoti phwetee m'manja, fungo lake ntchentche inakomoka. Mizere ya kumunsi inali itawola yonse, yatsala ya kumtunda. Imeneyo ikawola, mbewu yatha, chaka chamawa palibe chodzala.

Anathamangira kwa mkazi wake.

"Nankhungu, amayi anati anyamuka liti?"

"A Mbewe, mlendo amafunsidwa zimenezo? Kafunseni nokha."

"Ndikafunse bwanji ine, munthu woti ndikawaona ndimakhotera kutchire?"

"Ndiye khalani pansi."

"Pansi pake pati? Paliponse pali amayi."

Kambwiri anayesa njira zaulemu. Anasema ndodo yapaulendo n'kuitsamiritsa pafupi ndi mphasa. Apongozi anaikandira msana. Anakazinga chimanga cha kamba n'kuchimanga pakansalu. Apongozi anamasula, kukukuta chonse.

"Amuna akowa ndi aulemu," anatero. "Uwauze ndawonjezera mwezi."

Kambwiri atamva, miyendo inangomunyamula yokha. Phiri la masiku atatu lija analikwera m'mawa umodzi. Pamwamba, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anati akhale pansi aganize. Anakhalira kamwala kosongoka. Analumpha mpaka anapereka moni kwa khwangwala, ndipo potsika anatsika ndi nzeru.

Anaphwanya thanthwe n'kudzaza thumba ndi timiyala. M'mawa uliwonse apongozi ankakwera pang'ono kumtambo kukaothera dzuwa. Atangonyamuka, Kambwiri anatukula mphasa, timiyala waa, n'kuyalanso bwinobwino.

Apongozi anabwera n'kukhala. Anapendekera kumanzere. Anapendekera kumanja.

"Nankhungu, mphasa yanuyi ili ndi mano?"

Anasamukira pakhonde. M'mawa mwake Kambwiri anathira timiyala pakhonde. Anasamukira pabwalo, iye n'kuthira pabwalo. Kukhola, iye kukhola. Kumunda, iye kumunda, dengu pamutu, thumba kumsana, timiyala tina m'masaya. Anakwera, kutsika, kukwera, kutsika, mpaka phiri linafupika, mwezi unaleka kupunthwapo. Chigwa chonse chinayera mbuu.

Tsiku lomaliza apongozi anatsika kumtambo n'kuyang'ana uku ndi uku. Anayesa apa, pakubaya. Anayesa apo, pakubaya. Anangolowa m'mipata ya timiyala, pang'onopang'ono, n'kupita pansi osatsanzika.

Munda unauma tsiku lomwelo. Kachewere wa kumtunda anapulumuka, masamba biriwiri. Kambwiri anavina kuyambira pakhomo mpaka kumalire.

Anavina masiku anayi. Tsiku lachisanu masamba anagwetsa makutu. Anathira mtsuko wamadzi pamzere, madzi anangoti psiti, ngati sanathire. Anathira wina, psiti. Kambwiri anayambanso kuzungulira munda, tsopano kakhumi.

Nankhungu naye anafuna dothi lozira m'nyumba, sanalipeze. Anafuna loumbira mphika, sanalipeze. Kenaka anatukula mphasa ija. Anatola kamwala kamodzi n'kukaika m'dzanja la mwamuna wake.

"A Mbewe, mano a mphasa aja ndi amenewa?"

Kambwiri anayang'ana nkhuku.

"Amayi sanapite kutali," anatero Nankhungu. "Atulukira kumunsi kwa chigwa, pamene pathera timiyala. Mtsuko uwo. Kachewere ndi wanu."

Kambwiri anatsika. Anawapeza asanduka kasupe, akutumphuka pansi, oyera mbee, matope onse atawasiya m'timiyala, ozizira moti mano kuwawa. Anagwada, nkhope kumbali.

"Amayi, tiyeni kunyumba. Tagula mphasa ina."

Apongozi sakanamuyankha mwini wake, ndipo Nankhungu panalibe. Ndiye analankhula ndi mtsuko.

"Mtsuko iwe, umuuze mbuye wako kuti kubwera ndizibwera, poti mwana wanga ali kumeneko. Koma kukhala pansi ayi. Ndiziima pakhomo, moni, n'kudutsa. Akandifuna, njira waiona."

Kambwiri anatunga, kukwera, kuthira, kutsikanso. Kachewere anapulumuka kachiwiri, ndipo anabereka moti mmodzi ankamugubuduza amuna anayi, wachisanu akuimba nyimbo.

N'chifukwa chake mpaka lero m'zigwa za m'mapiri mvula imagwa m'mawa, masana n'kuyenda osadetsa mapazi. Kachewere, anyezi ndi adyo siziwola m'dothi limenelo, mitengo ya mapichesi imakondwa, nyumba sizichita chinyezi. Koma mphika simungaumbe, khasu limatha msanga, ndipo mukaphonya kuthirira masiku atatu mbewu zimakutembenukirani msana. Nkhungu imene imagona m'chigwa m'mawa ndi Nankhungu, sanachoke pabanja. Ndipo mukapita kukasupe, taonani mmene amatungira adzukulu a Kambwiri. Palibe amatunga ali chiimire. Aliyense amagwada.