Khutu la Lufeyo ndi Makina Ochekera Mitengo

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, monga munthu. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti umene ndikufotokozereniwu ndi wakale kuposa petulo. Musalimbane nawo. Koma kwathu, kumapiri a paini ndi bulugama, timati unabadwira pachipika.

M'mudzi wa Kanyimbi munali bambo wina dzina lake Lufeyo, munthu wosakhulupirira mnzake. Akagula mchere ankayamba waulawa, kuopa kuti amusakanizira mchenga. Wina akamupatsa moni wansangala kwambiri, iye ankabwerera kunyumba kukaona ngati nkhuku zili zonse. Anayendetsa njinga yamoto ya kabaza zaka zambiri, ndipo pa nkhani ya injini ankati palibe womuphunzitsa.

Chaka china anaona kuti anthu ayamba kumanga nyumba zamalata ndipo matabwa akusowa. Anagulitsa njinga ija pamodzi ndi ng'ombe zake zapangolo, napita kutauni kukagula makina ochekera mitengo, aja amano ambiri oyenda patcheni. Pakhomo sipanatsale chuma china. Mkazi wake, Nangozo, anamuuza poyera kuti tsopano banja lonse lakwera pa chitsulo chimodzi, chikafa onse agwa.

Kusitolo Lufeyo ananenerera mtengo mpaka wogulitsa anayamba kuyasamula. Atagwirizana, wogulitsayo anathira mafuta pang'ono n'kuwaliza makinawo. Analira bwino, akutulutsa kautsi kobiriwira. Kenaka anatulutsa kabotolo ka oyilo, nati kameneka agulenso, chifukwa oyiloyo amasakaniza ndi petulo nthawi zonse. Lufeyo anaseka chamumtima. Amalonda ankawadziwa: ukawapanikiza pa mbuzi, amakubwezera pa chingwe. Anakana kabotoloko, nanyamula katundu wake.

Kumudzi makinawo anasamalidwa kuposa mwana wakhanda. Ankagona kuchipinda, atafunditsidwa bulangeti. Lufeyo ankanola mano a tcheni ndi tupa, limodzilimodzi, ngakhale anali asanadule kanthu kodziwika. Tcheniyo ankaikunga, kuimasula, kuikunganso. Mafuta a wogulitsa aja atathera pa tinthambi toyesera, anakagula petulo wa m'chigubu kumsewu, namusefa ndi duku la mkazi wake.

Tsono makinawo anali ndi zitsekerero ziwiri, china cha petulo, china cha oyilo wofewetsa tcheni. Lufeyo ataona zimenezi mtima unakhala pansi. Anaitana Nangozo namuonetsa kuti oyilo ali ndi khomo lake, petulo ali ndi lakenso, chimodzimodzi njinga yamoto. Wosakaniza ziwirizi, anatero, ndi mfiti ya injini.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala Yotamu, wocheka matabwa ndi sowo wamanja, uja wa anthu awiri, wina pamwamba pa chipika wina m'dzenje. Pakamwa pake pankawawa ngati tsabola wa kambuzi, ndipo iye ndi Lufeyo anali atakanganapo za malire a munda. Ali mnyamata Yotamu anagwirapo ntchito m'nkhalango za paini kumpoto, komwe anasenza makina otere mpaka phewa kuchita chikanga. Tsiku limene Lufeyo ankathira petulo wake wosefa, Yotamu anasuzumira pampanda.

"Aneba, petulo ameneyo wayera ngati madzi a pamjigo. Mwathiramo oyilo?"

"Oyilo ali kwawo," anatero Lufeyo, osatukula mutu.

"Uyo ndi wa tcheni. Injini ya makina awa ilibe mosungira oyilo. Imamwa zonse pamodzi, ngati tiyi ndi mkaka. Mukaimwetsa petulo yekha, tidzakhala pamaliro a chitsulo, ndipo ine sindidzalira."

"Zikomo, achimwene. Nanga sowo wanu ali bwanji? Akupezabe ntchito?"

Madzulo ake Lufeyo anauza mkazi wake kuti chiwembu wachitulukira. Wogulitsa ankafuna kuti makina awonongeke kuti akagule ena. Yotamu ankafuna kuti awonongeke kuti anthu asasiye sowo wake. Ndipo onse awiri ananena mawu ofanana. Nangozo anafunsa ngati sizingatheke kuti onse awiri anena zoona.

"Anthu awiri akanena chinthu chimodzi," anayankha Lufeyo, "ndiye kuti anakumana."

Komabe kanthu kanamukanda mumtima, choncho anapita pamphambano pomwe anzake akale a kabaza ankadikirira anthu. Sanafunse monga munthu wofuna kudziwa ayi. Anawafotokozera ngati nthabwala kuti kuli nkhalamba ina yomwe ikuti petulo azithiramo oyilo. Anyamatawo anaseka naye. Onse anali atalonjezedwa matabwa otsala, ndipo munthu wokulonjeza matabwa nthabwala zake zimaseketsa. Mmodzi anali atamvapo kuti injini zing'onozing'ono zina zimafunadi kusakaniza, koma anameza mawu ake, nati a Lufeyo ndiwo anawaphunzitsa onse kumasula pulagi, ndani angawauze chatsopano?

Tsiku lodula linafika. Kumunsi kwa munda wa Lufeyo kunali bulugama wamkulu, ndipo theka la mudzi linabwera kudzaonerera. Lufeyo anakoka chingwe, makina analira, mtengo unagwa, amayi anaimba nthungululu. Anayamba kuudula zipika. Utsi wobiriwira uja panalibe, ndipo iye anakodola anthu kuti aone mmene petulo wabwino amayakira.

Yotamu sanabwere kudzaonerera. Anali m'dzenje lake kutsidya kwa malire, akukoka sowo. Koma makutu alibe chitseko. Anamva kulira kwa makina kukusintha, kukuchoka pa kubangula n'kuyamba kulira mopyapyala, ngati mbuzi yokoledwa chingwe m'khosi. Anatukwana pang'ono, nakokanso sowo kawiri katatu. Kenaka anausiya, natuluka m'dzenjemo utuchi uli m'mutu monse.

Atafika, fungo la chitsulo chopsa linamulandira. Anakuwa, koma mawu ake anamira m'phokoso. Anakupiza chipewa. Lufeyo anamuona bwinobwino, natembenuzira nkhope kwina. Kumugwira mkono sikukanatheka, chifukwa munthu wonyamula mano othamanga chotero ukamudzidzimutsa mkono, mwendo wa wina umatsala pansi. Yotamu anazungulira kumbuyo, nadikira mpaka mano onse atamira m'chipika. Pamenepo anagwira khutu la Lufeyo ndi zala zake zokakala, nalitsina molipotokola.

Lufeyo anasiya kufinya makina, nawazimitsa. Kunagwa bata loti ngakhale ntchentche inamveka.

"Ikani dzanja apa mumve," anatero Yotamu. "Injiniyi ikudzidya yokha. Isiyeni izizire, mukhuthule petuloyo, mutume munthu akagule oyilo. Lero ikhoza kupulumuka. Mukailizanso, basi."

Lufeyo anagwira khutu lake, nayang'ana anthu. "Mwaona nonse? Walephera ndi pakamwa, tsopano wayamba manja."

Anyamata a kabaza aja anayamba kuchita chidwi ndi zala za kumapazi kwawo. Nangozo yekha ndiye anasendera pafupi nalankhula ndi mwamuna wake motsitsa mawu.

"Bambo a Tiyese, munthu wofuna kuti makina afe akanangokhala m'dzenje mwake n'kumadikira."

Lufeyo anaima. Mawuwo analowa, ndipo aliyense anaona kuti alowa. Pa nthawi imeneyo nzeru inali pamtengo wotsika kwambiri: kabotolo kamodzi ndi manyazi a tsiku limodzi. Koma kugula pamaso pa anthu, kwa munthu amene wakutsina khutu, Lufeyo anaona kuti n'kodula. Anawerama, nakoka chingwe.

Makina analira, nadya chipika pang'ono, natsokomola, n'kukhala chete. Anakokanso chingwe, koma chinakana ngati achimangirira kuthanthwe.

Makaniko wa kuboma atatsegula injiniyo, anapeza m'kati mwake mwakandikakandika ngati mphika wopalidwa ndi mpeni. Anati zitsulo zagwirana chifukwa zinayenda zouma, ndipo kukonza kwake n'kugula injini ina. Kenaka anafunsa ngati kumudzi konseko kunalibe munthu woti akanamuchenjeza. Lufeyo anangoyang'ana kudenga.

Lufeyo atabwerera kumudzi, anthu anabwera kudzapepesa monga amachitira pa tsoka. Aliyense tsopano anali katswiri. Wina anati iye anaona kuti utsi palibe. Wina anati kulira kuja kunamukayikitsa kuyambira pachiyambi. Mnyamata wa kabaza uja anaulula kuti za kusakaniza anali atazimvapo, koma anaopa kukhumudwitsa akuluakulu. Yotamu yekha ndiye sanabwere. Sowo wake ankamveka kutsidya, akupita n'kubwera.

Nangozo anawamvetsera onse mpaka anamaliza. Kenaka analoza kumene kunkachokera kulira kwa sowo, nati, "Nonsenu munasunga nkhope ya bambowa, makina n'kufa. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Mawu amenewo anatuluka pakhomopo ndi anthu opepesawo, ndipo mpaka lero akuyendabe.

Tanthauzo lake ndi ili, ana inu. Munthu amene wakuchenjeza, ngakhale achite mowawitsa, ngakhale akhale amene simumwerana madzi, ndiye wakufunira zabwino. Kukuyamikira n'kosavuta, ndipo woyamikirayo sataya kanthu. Koma wokuuza kuti ukulakwa amadziwa kuti mwina umutukwana, ndipo amabwerabe. Sindikuti muzikhulupirira aliyense, chifukwa munthu wotero kumsika amabwerako wopanda nsapato. Ndikuti munthu akakuchenjezani, musanafufuze chimene akufuna, yambani mwafufuza ngati akunena zoona. Khutu lotsinidwa limapola lisanafike Lamulungu, koma injini yopsa ilibe sing'anga.