Nangozo ndi Luzi Lofiira la Padoko

Kalekale, misewu isanalambulidwe, kunali dziko lina m'mbali mwa mtsinje waukulu kumene anthu ankalima mtedza. Mtedza wake, ana inu, wonona zedi! Amalonda a kutsidya ankaukonda, ndipo ankausinthanitsa ndi mchere, nsalu ndi makasu.

Tsono padoko pankakhala mkulu wina, a Malunga, amene anthu anawasankha kuti aziyesa mtedza usanawoloke. Thumba lililonse ankalimasula, n'kupisa dzanja mpaka pansi, n'kutafunako. Ukakhala wouma bwino, ankamanga thumbalo ndi luzi lofiira. A kutsidya akaona luzilo sankatsegulanso thumba, ankangolandira.

M'dzikomo munali mayi wina dzina lake Nangozo. Pouma mtedza panalibe womuposa, koma kudikira ndiye ayi, kunkamukanika. Tsiku lina anapeza mzere wautali padoko, dzuwa likuswa mtengo, mwana akulira kumsana. Anatapa mtedza m'kansengwa, napita kutsogolo.

"A Malunga, kangachepe aka mukakazingire ana. Mtedza wanga mumaudziwa kale, muvutikiranji kumasula?"

A Malunga anayang'ana kansengwako, anayang'ana thumba, ndipo anamanga luzi osatsegula. Nangozo anawoloka msanga, mtima uli mbee. Ankati walakwira ndani, poti mtedza wakewo unalidi wouma? Koma anthu a pamzere paja anali ndi maso.

Paja mukudziwa, mtedza wouma umapweteka zala pousenda. Ndiye aulesi amauwaza madzi kuti makoko afewe, ndipo ukalowa m'thumba uli chinyowere umachita chuku. Chaka chotsatira mlesi wina anafika padoko ndi mtedza wotero, tambala ali kukhwapa. A Malunga analandira tambala, namanga luzi. A kutsidya atapeza chuku anangoti mwina ndi ngozi chabe.

Chaka chachitatu, ha! Uyu nkhuku, uyu mbuzi, wina mphika wa mowa. Khola la a Malunga linadzaza, ndipo mano awo anaiwala kutafuna mtedza. Nangozo ankaziona zonsezi, koma ankangoti, "Zawo zimenezo. Wanga ndi wouma."

Chaka chimenecho Nangozo anakolola kuposa kale lonse. Anayanika, anasenda ndi zala zake mpaka matuza, nasankha njere imodziimodzi. Kunyumba mchere unali utatha, khasu litatha ngati chipande, ana nsalu zili mbuu. Anakweza matumba m'bwato, nawoloka akuimba.

Mkulu wa amalonda atangoona luzi lofiira anapukusa mutu.

"Bwererani nawo, mayi."

"Bambo, tsegulani muone! Tafunaniko ngakhale kamodzi!"

"Mwina mukunena zoona," anatero mkuluyo mofatsa. "Koma matumba amabwera ambirimbiri, sitingatsegule onse. Ife tinkadalira luzi, ndipo luzilo latinamiza. Ana athu adwala ndi chuku. Tsopano timagula kwa anthu a kumapiri. Mtedza wawo ndi waung'ono, koma woyesa wawo amamasula thumba ngakhale la mayi ake omubereka."

Nangozo anachonderera mpaka mawu kusasa, koma sizinathandize. Ikawola imodzi zawola zonse. Anabweza matumba m'bwato, misozi ili mbwembwembwe, ndipo atafika padoko analunjika kwa a Malunga.

"Mwatipha inu! Mwagulitsa dzina la dziko lonse ndi mbuzi!"

A Malunga sanakweze mawu. Anaimirira pang'onopang'ono, napisa dzanja kudenga la chisakasa chawo, natsitsa kansengwa kakale kodzaza fumbi.

"Tengani nsengwa yanu, mayi. Munaiiwala chaka chija."

Nangozo anailandira ndi manja awiri. Chaka chonsecho banja lake linadya ndiwo zopanda mchere, ndipo mtedza wabwino uja anaumaliza ndi makoswe.

Tsono ana inu, imvani. Dziko silitchuka ndi zokolola zokha ayi. Alendo amagula pomwe akukhulupirira woyesa, ndipo woyesa akayamba kulandira zam'manja, wolungama ndi wachinyengo amabwezedwa limodzi. Musamapereke kanthu kuti lamulo likudumpheni, ngakhale katundu wanu ali wabwino, chifukwa mpata womwe mwatsegula inu ndi womwe adzalowere ena.

Yanga nthano yathera pomwepa.