Foni Imene Inalephera Kulira ku Balaka

Pa tauni ya Balaka panali bambo wina wogulitsa mbewu ndi makasu. Anali munthu wokhutira ndi moyo wake, wosachedwa kuseka, koma anali ndi kachilema kamodzi: akapeza chinthu chatsopano ankachigwira ndi manja awiri, osamvanso za munthu. Anali masiku aja mafoni a m'manja asanalowe m'matumba mwathu. Achinyamata mwina mundiseka, koma kale foni inkakhala patebulo, itamangidwa ndi waya kukhoma ngati mbuzi pachikhomo.

Bamboyu ndi mkazi wake anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Mwandida, amene anakwatiwa n'kupita ndi mwamuna wake ku Ulaya. Mwandida anali woyembekezera, ndipo masiku ake anali atakwana. Kwathu kuno mayi amakakhala ndi mwana wake kuchidikiro, kumuphikira phala ndi kumusisita msana, koma ku Ulaya sikupitika pa minibasi. Mayi a Mwandida ankangozungulira m'nyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa inali mimba yoyamba, ndiponso madokotala anali atanena kuti mwana sanagone bwino m'mimbamo.

Mkamwini wawo, Lameki, anali atanenapo pafoni kuti, "Mukanakhala ndi intaneti, bwenzi tikutumizirani uthenga ndi chithunzi cha mwana tsiku lomwelo." Mawu amenewo anamulowa bambo uja. Anakwera basi ya ku Blantyre, n'kubwerako ndi kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, ataifukata pamiyendo njira yonse kuopa kuti makondakitala angaiponye pamwamba pamodzi ndi matumba a makala.

Kuigula kunali kosavuta, ntchito inali pa kuilumikiza. Intaneti ya nthawi imeneyo inkadutsa mu waya wa foni. Waya wochokera kukhoma unkaulowetsa m'kabokosi kotchedwa modemu, kenaka n'kuiuza kompyuta nambala yoti iziimba, dzina limene a kampani ya intaneti akupatsa, ndi mawu achinsinsi. Kumbuyo kwa kabokosiko kunali timabowo tiwiri tofanana ngati mapasa, kena ka waya wa kukhoma, kena ka foni. Bamboyu analowetsa mosemphanitsa, kompyuta n'kungokhala duu. Atakonza zimenezo anayamba kulemba ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno, lilime lili panja. Mawu achinsinsi aja akawalemba, pagalasi la kompyuta pankangooneka tinyenyezi, moti akalakwitsa sankadziwa pamene walakwitsa. Kompyuta inamukana, inamukananso, iye osatopa.

Dzuwa litapendeka, kabokosi kaja kanaimba nambala, kenaka kanayamba kulira kulira kwina kwake, ngati mphaka wopondedwa mchira. Katangokhala chete, pakona pa galasi panayaka tizithunzi ta timakompyuta tiwiri tophethira. Zatheka. Bamboyu anasangalala ngati mwana, anaitana mkazi wake ndi anthu oyandikana nawo kuti adzaone, ndipo kunena zoona tsikulo m'nyumbamo munali chimwemwe.

M'mawa mwake mayi a Mwandida ananyamula foni kuti aimbire mchemwali wawo wa ku Liwonde. M'khutu munangomveka phokoso lija, ndipo nthawi yomweyo intaneti inaduka. Kuti ilumikizikenso, bamboyu anavutika mpaka masana, nambala ikuimbidwa n'kumakana. Italola, anatenga kansalu koluka n'kuphimba foni ija.

"Mayi a Mwandida, pasapezeke wokhudza apa. Uthenga wa mwana wathu udzera m'kompyutamu."

Anakhala pampando n'kumadikira. Ku sitolo sanapite. Ankatsegula bokosi la mauthenga, mulibe kanthu, n'kutsegulanso, mulibe. Koma sankadandaula kwenikweni, chifukwa ankadziona kuti ndi munthu wokonzeka kuposa onse m'Balaka, ndipo podikirapo ankawerengera mkazi wake mmene nyengo ilili ku Ulaya. Tsiku linatha choncho, lina n'kufika pakati.

Mkazi wake anabwera ndi tiyi, n'kukhala pambali pake. Anayang'ana kansalu kaja nthawi yaitali.

"Bambo a Mwandida, ndifunse nawo. Ngati ine sindingaimbe chinthuchi chikamayaka, nanga munthu wakunja angatiimbire?"

Bamboyu anatembenukira kukhoma. Anautsatira wayawo ndi maso, kuchokera kukhoma, kulowa m'kabokosi, kutulukira ku foni. Unali umodzi. Apa mtima wake unagawanika. Akadula, mwina ivutanso kulumikiza, ndipo uthenga ungafike iye palibe. Komanso, tinene zoona, zinkamupweteka kuzimitsa chinthu chimene anachikhetsera thukuta, chimene anthu anamuyamikira nacho. Koma akapanda kudula, ndani akudziwa amene akugogoda panja?

Anagwira kambewa koyendetsera kompyuta, n'kudina pa mawu oti dula. Timakompyuta tija tinazima. M'nyumba munangoti zii.

Sipanapite nthawi yaitali, foni inalira pansi pa kansalu.

"Bambo, ndine Lameki. Ndakhala ndikuimba kuyambira dzulo, laini ili bize. Ndili kuchipatala, kuno kompyuta ndilibe. Mwandida wachira bwinobwino, tapatsidwa mwana wamkazi."

Bamboyu anapereka foni kwa mkazi wake. Mayi aja anamva okha mawu otopa a mwana wawo, ndiponso kakhanda kakulira chapatali. Anakhala pansi pomwepo n'kulira ndi chimwemwe. Mwamuna wawo anavula magalasi n'kuyamba kudziseka yekha, kuti mdzukulu wake wagona padziko usiku wathunthu agogo ake akuwerenga za mitambo ya ku Ulaya. Intaneti sanaitaye ayi. Chithunzi chija chinadzafika ndithu patapita masiku, chikutsika pang'onopang'ono kuyambira kutsitsi, koma kuyambira pamenepo akamaliza zake ankadula intanetiyo.

Abale ndi alongo, bambo ameneyu sanali woipa. Ankamukonda mwana wake, ndipo anavutika chifukwa cha chikondi chomwecho. Cholakwa chake n'chakuti anasankha yekha khomo lodzera yankho, n'kukhala pamenepo mpaka kutseka njira imene yankholo linkadzera. Ifenso timatero ndi Mulungu. Timapempha, n'kumuuziratu kuti ayankhe bwanji, liti, kudzera mwa ndani. Timadzaza mtima ndi mawu athu, nkhawa zathu, ngakhale ntchito za mpingo zimene, kenaka n'kumadandaula kuti kumwamba kuli chete. Mtima wa munthu uli ndi laini imodzi. Sungakhale wodzaza ndi phokoso lako n'kumamvanso mawu a Mulungu nthawi yomweyo.

Choncho mukapemphera lero, musathamangire kudzuka mukangoti ameni. Dulani zanu zija, ngakhale munazivutikira, mukhale chete pang'ono. Mwina amene mukumudikirayo wakhala akukuimbirani kuyambira dzulo.