Masipuling'i Ofewa a Nachisale

Ku Tsangano kunali bambo wina, mlimi wa mbatatesi, amene anali ndi galimoto yakalekale. Anamusiyira ndi bambo ake, omwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, ya mphuno yaitali, injini yake yaikulu. Akailiza m'mawa nkhuku zinkabalalika, ndipo a kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti a Mbewe adzuka.

Bamboyu ankaikonda galimotoyi. Chaka china anaiikira masipuling'i aafupi, olimba gwa, ndi mashoko ake omwe, zitsulo zija zimakhala kuseri kwa matayala. Galimoto inatsika, mimba yake n'kutsala pang'ono kukhudza pansi. Ikafika pa tala inkakhota makona ngati yomatidwa. Anzake a ku Lilongwe okonda magalimoto akale ataiona anawomba m'manja, namuitana kuti adzabwere nayo ku chionetsero chawo mvula ikadzatha. Iye anayamba kuipukuta tsiku ndi tsiku.

Mvula isanathe, mkazi wake, Nachisale, anaterereka atasenza thumba la mbatatesi, navulala msana. Adokotala anati azipita kawirikawiri kuchipatala cha ku boma kuti azikamuwongola. Anachenjezanso kuti akalekeza panjira, miyendo idzauma.

Bamboyu sanazengereze. Tsiku la chipatala likafika ankamunyamula mkazi wake, n'kumukhazika pampando, ulendo. Koma msewu wa kumeneko mukuudziwa: miyala, maenje, mabampu osatha. Ndipo masipuling'i olimba sameza kanthu. Tayala likamenya mwala, mwalawo unkakafika mpaka mu msana wa Nachisale. Mwamuna maso anali kutsogolo, kuzemba maenje kuti mimba ya galimoto isakhule pansi. Mkazi ankangoyang'ana pawindo.

M'mawa wina Nachisale anati, "A Mbewe, lero pitani kumunda. Zakuchipatala ndasiya, ndapezako bwino."

Komatu munthu wake ankalephera ngakhale kuwerama kuti atole supuni. Mwamuna anachonderera, mkazi anakana. Bamboyu anatuluka panja mutu uli woima, nakakhala m'galimoto, pampando wa mkazi wake. Pansi pa mpandopo anaona chitenje chopindidwa. Atachitambasula anapeza kuti ngodya imodzi ndi yobookabooka, yotafunidwa.

Analowa nacho m'nyumba. "Nachisale, ichi n'chiyani?"

Mkazi anayang'ana pansi. "Ndinkaluma kuti musandimve ndikubuula. Galimotoyi mumaikonda, ndiponso ndi ya malemu bambo."

Bamboyu anakhala pamphepete pa bedi nthawi yaitali, chitenje chili m'manja. Misozi inagwera pomwe panali mano a mkazi wake.

Tsiku lomwelo anapita kwa makaniko wa pamsika. Makanikoyo anagona pansi pa galimoto, nayang'ana, natuluka akupukuta manja. "Masipuling'i ofewa alipo, aatali, ndi mashoko ake. Koma ndikaika amenewo galimoto ikwera m'mwamba, izioneka ngati yonyamula kabichi. Pakona muziyenda ngati muli pamaliro. Ndipo ku chionetsero kuja akakusekani."

Bamboyu anaisisita galimoto pamphuno pake. Anakumbukira bambo ake. Anakumbukira manja aja anawombedwa ku Lilongwe. Kenaka anavula jekete, nati, "Bweretsani jeke, tithandizane."

Anakweza galimoto, nachotsa matayala. Mabawuti ena anali atachita dzimbiri, sipanala inaterereka n'kumusupula zala. Masipuling'i olimba aja anawataya pakona pa galaja. Ataitsitsa pa jeke, galimoto inaima njo, yaitali miyendo ngati mwana wa ng'ombe. Amene anali pamsika anaseka, wina nafuula kuti a Mbewe aononga chuma cha makolo.

Iye anabwereka beseni, nathiramo madzi, naliika pampando wa mkazi wake, nayendetsa pa mabampu a kuseri kwa msika. Madzi anatayika. Anabwerera, nasintha mashoko a kumbuyo, naphwetsako mpweya m'matayala. Anathiranso madzi. Anatayika pang'ono. Anabwereranso. Anachita zimenezi mpaka madzi ankangogwedezeka m'beseni, osadumpha.

Tsiku la chipatala litakwana anagwada pafupi ndi bedi. "Tiyeni tiyese kamodzi kokha. Mukamva kuwawa mundiuze, tibwerera."

Nachisale anavomera, koma chitenje chija anachitenga, n'kuchigwira pafupi ndi pakamwa. Anafika pa dzenje loyamba. Mkazi anatsinzina, kudikira ululu. Galimoto inatsika, inakwera, inadutsa. Anatsegula maso namuyang'ana mwamuna wake. Dzenje lachiwiri chimodzimodzi. Pang'onopang'ono dzanja linatsika, chitenje chinagwera pamiyendo. Asanafike pa tala, mwamuna anamva kupuma kwachilendo. Atacheuka anapeza Nachisale ali m'tulo, mutu atatsamira pawindo, pa msewu womwe uja unkamuliza.

Atafika kuchipatala anaimika galimoto pamthunzi, nazimitsa injini, osamudzutsa. Anangokhala phee, kumuyang'ana, mpaka anadzuka yekha n'kufunsa kuti, "Kodi tafika kale?"

Kuyambira pamenepo Nachisale sanaphonyenso tsiku la chipatala. Msana sunabwerere mwakale, thumba sanasenzenso. Koma miyendo sinaume, ndipo pa nthawi yokumba mbatatesi anayenda yekha mpaka kumunda, ndodo ili m'manja.

Abale ndi alongo, bambo uja sanakonze msewu. Sakanatha. Dzenje lililonse linali pomwe linali. Chimene anasintha ndi kanyamulidwe kake.

Ambuye wathu amatero nafe. Sanatilonjeze msewu wosalala. Koma anadzichepetsa, nalola kusekedwa, nadziika pakati pa ife ndi dzenje, kuti nkhonya ya msewu iyambe yafika pa Iye. Ndipo amene ananyamulidwa motero, nayenso aphunzire kunyamula ena.

Ambiri a ife ndife olimba. Timapezera ana chakudya, timafika nawo odwala kuchipatala, ndipo anthu amatiyamikira. Koma kulimba kopanda kufewa kumapweteka amene tawanyamula. Mwina m'nyumba mwanu muli wina amene akuti wapezako bwino, chonsecho akungobisa kubuula chifukwa amakukondani. Mukafika kunyumba lero, khalani pampando wake, mumufunse bwinobwino, ndipo mumvetsere. Mukapeza kuti chomupweteka ndi mawu anu, liwiro lanu kapena ulemu umene mumaufuna kwa anthu, chotsani chimenecho. Pemphani Mulungu akupatseni mtima wofewa, kuti wolema amene ali pambali panu athe kugona, ngakhale msewu ukadali woipa.