Mwana Wopanda Dzina ndi Tsamba Lotsekedwa

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale la zaka zimene mafoni anangoyamba kuonetsa nkhope za anthu, kunali mayi wina wachitsikana dzina lake Ndaziona. Mayiyu ankasowa tulo chifukwa mwana wake anali atakwanitsa miyezi iwiri alibe dzina.

Sikuti mayina anasowa. Kubanja kwawo kunali mwambo wakuti mwana amene wapulumuka imfa amatchedwa dzina ndi munthu amene anamupulumutsayo, osati bambo, osati agogo. Vuto linali kudziwa munthuyo.

Mwanayo anabadwa Loweruka lina m'mwezi wa Januwale, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mvula inali itakokolola mlatho, ndipo chipatala chinali kutsidya. Kanali kamtsikana kosadzaza zikhatho ziwiri, khungu lopyapyala loonetsa mitsempha, kulira kwake ngati kamwana ka mphaka. Mayi ake a Ndaziona anakakulunga m'mabulangete atatu n'kukagoneka pafupi ndi moto. Komabe akakagwira mapazi, ankapeza akuzizirabe.

Mlamu wake wa Ndaziona, Lekeleni, anali ndi foni. Anakumbukira kafilimu kena kamene anakaonapo pa tsamba lina la pa intaneti, pamene anthu ankaikapo nyimbo ndi mafilimu aulere. Tsiku limene anakaona ankangoseka nako. Tsopano anathamanga mvula ikugwa mpaka pa chulu cha kumunda, malo okhawo amene netiweki inkagwira, nadziphimba ndi thumba la feteleza, n'kuonera kafilimuko katatu. Anabwerera ali wefuwefu.

"Alamu, muvuleni mwanayo! Vulaninso bulauzi!"

"Iwe wapenga?" anatero mayi ake a Ndaziona. "Mwana akuzizidwa, iwe ukuti avulidwe?"

"Amayi, ndaona ndi maso angawa. Khungu lake likhudzane ndi khungu la amake."

Anamuika chilili pakati pa mabere, miyendo itapindika ngati ya chule, mutu utatembenukira kumbali, kachipewa kumutu, n'kumumanga ndi chitenje. Mkaka ankafinyira m'kakapu n'kumamudonthezera pang'onopang'ono. Dzuwa lisanapendeke, Ndaziona anamva timapazi tikufunda pamimba pake. Anakhala choncho masiku atatu, mpaka madzi ataphwera amuna anamuwolotsa pa machira. Namwino atamva nkhaniyo anagwira pakamwa, nati, "Amene anakuphunzitsani zimenezi ndiye wasunga mwanayu."

Atatuluka m'chipatala, malume ake a Ndaziona, a Kachingwe, amene kale anali mphunzitsi, anasonkhanitsa abale kuti mwana apatsidwe dzina. Onse anayang'ana Lekeleni.

"Ayi, ine ndinangonyamula foni," anatero Lekeleni. "Tiyeni ku chulu mukaone amene anaphunzitsa."

Anapita onse. Koma Lekeleni atatsegula tsamba lija, panangotuluka mdima, chidindo chachikulu ndi mawu achingerezi. A Kachingwe anavala magalasi, nawerenga kawiri.

"Akuti tsambali latsekedwa ndi lamulo la dziko lina la kutsidya kwa nyanja yamchere, chifukwa pankapezeka zinthu za eni zotengedwa popanda chilolezo."

"Latsekedwa kwawoko?" anafunsa Lekeleni.

"Konsekonse. Kwawoko, kuno, ndi kulikonse kumene kuli munthu wogwira foni."

Ndaziona anayang'ana chimanga, anayang'ana mtsinje, anayang'ana kumwamba kopanda waya ndi mmodzi yemwe. Anthu amene sanaponde dothi lino, osadziwa ngakhale dzina la mtsinjewo, anakhala pansi m'nyumba yawo ya malamulo, nakweza manja, ndipo chitseko chinatsekeka pamwamba pa chulu cha m'munda wa amalume ake.

A Kachingwe sanafooke. Lekeleni anati mawu a m'kafilimuko ankawadziwa, anali a Msaiwale, wokopera anthu nyimbo pa sitolo za pamsewu. Anayambira kwa iyeyo kufufuza, ndipo patatha milungu itatu anapeza kuti kafilimuko kanadutsa m'manja mwa anthu atatu.

Woyamba anali Mayi Rosalba, mzamba wa m'dziko lija la lamulo. Anagwira ntchito zaka makumi atatu pakati pa ana obadwa masiku asanakwane. Atakalamba anagulitsa munda wa bambo ake kuti ajambule zonse zimene manja ake ankadziwa, ndipo ntchitoyo inamutengera zaka zisanu. Ankagulitsa filimuyo ku sukulu za anamwino kuti apeze zojambulira yachiwiri, yonena za ana olephera kuyamwa. Tsiku lina anaipeza ili mbwee pa intaneti, yaulere, dzina lake litachotsedwa. Sukulu zinaleka kugula. Filimu yachiwiri sinajambulidwe. Iye pamodzi ndi oimba ndi olemba mabuku anapita kukadandaula kwa opanga malamulo, ndipo lamulo linatuluka lakuti tsamba lopezeka ndi chinthu cha mwini litsekedwe lonse.

Wachiwiri anali Msaiwale. Ntchito yake inali kutenga mafilimu a nkhondo ndi a karate n'kuikamo mawu a Chichewa, nthabwala zili thoo. Filimu ya mzambayo inalowa mu kompyuta yake mwangozi, pakati pa mafilimu ena amene anakopera kwa mnzake wa m'tauni. Anati aifufute, koma anaona kamwana kofanana ndi ka mlongo wake, kamene anakaika m'manda chaka chapitacho katakulungidwa m'mabulangete. Anatseka sitolo masiku awiri, napita kwa mlangizi wa zaumoyo kukafunsa mawu ovuta, naikamo Chichewa chake. Anthu ankachiloweza: "Amayi, musachite manyazi, bulangete si mayi ake a mwanayu, mayi ake ndinu!" Pamene panali dzina la Mayi Rosalba anaikapo dzina la sitolo yake ndi nambala yake ya foni, kenaka n'kuiponya pa tsamba lija.

Wachitatu anali Bambo Anselmo, mwini tsambalo, wa m'dziko linanso. Zaka zambiri ankadya ndalama za otsatsa malonda pa tsamba lakelo, osafunsa kuti zoikidwapo ndi za yani. Kalata ya lamulo lija inamupeza yakuti atseke pofika Lachisanu masana. Pa kompyuta yake panali mapu a dziko lonse, ndipo paliponse pamene munthu akuonera chinthu pankayaka kadontho. Lachisanulo, chala chili kale pa batani, anaona timadontho tikuyaka m'kadziko kakang'ono katalikatali kamene sankadziwa kutchula dzina lake, tonse tikuonera filimu imodzi ya kamwana. Anabweza chala. Anatseka Lolemba. Chifukwa cha masiku atatuwo khothi linamulanda makina onse n'kumuletsa ntchitoyo moyo wake wonse, ndipo tsopano ankatsuka mbale m'nyumba yodyeramo.

Mwana anabadwa Loweruka la pakati pa masiku atatuwo.

Msaiwale anati angathe kuwasonkhanitsa onse mu foni imodzi. Tsiku lopangana, mudzi wonse unazungulira chulu, a Kachingwe atakhala pampando kuti azimasulira. Galasi la foni linagawika pawiri. Mbali ina kunali Mayi Rosalba, mayi wa imvi, ndipo pawindo la kumbuyo kwake dzuwa linali likungotuluka, pamene kuno linali litapendeka. Mbali inayo kunali Bambo Anselmo, bambo wadazi atavala chijasi, kunja kwake kukugwa zinthu zoyera ngati ufa. Ana anakankhana kuti aone. Mayi ake a Ndaziona anagwada n'kuwomba m'manja kulonjera foniyo.

Mayi Rosalba anapempha kuona mwana. Ndaziona anatsegula chitenje pang'ono. Mzambayo anayandikitsa nkhope mpaka panangooneka diso, nalankhula msangamsanga.

"Akuti kachipewako katsike, khutu lili pamtunda," anatero a Kachingwe.

Ndaziona anakatsitsa. Munthu ali kumene kukucha kumene, waona khutu la mwana wake.

Kenaka a Kachingwe anafotokoza mwambo, nafunsa kuti mwa atatuwo atche dzina ndani.

"Ine," anatero Mayi Rosalba. "Zonse zimene munachita tsiku lija zinachokera m'manja mwangamu. Pakanapanda ine, mnyamatayo akanaba chiyani? Ndiwe wakuba, iwe, unafufuta ngakhale dzina langa."

Msaiwale anavula kapusi. "Amalume, auzeni kuti sindikukana, ndine wakuba ndithu. Koma afunseni, filimu yawoyo inkalankhula chinenero chanji? Lekeleni, ukanamva?"

"Ndikanangoona mzungu akuvula mwana," anatero Lekeleni, anthu n'kuseka.

"Ndiye pamenepo!" anatero Msaiwale. "Inali m'kabati ya sukulu ya anamwino, yokiya. Kuno ikanafika chaka chanji? Mwanayu akanadikira?"

Mayi Rosalba sanaseke. "Mwana uyu ali moyo, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Koma alipo ana ena, olephera kuyamwa, amene filimu yawo sinajambulidwe chifukwa cha anthu ngati iwe. Amenewo sadzaonekera pa foni kuti tiwaone. Amayi awo sadziwa n'komwe chimene anawalanda."

Kuseka kunatha. Msaiwale anayang'ana pansi.

Bambo Anselmo analankhula motsitsa. "Mayiwa anajambula kalekale. Mnyamatayu anaika mawu kalekale. Koma Loweruka lija, filimu ya mayiwa inali m'kabati, lamulo lawo linali litayamba kale kugwira ntchito, ndipo mawu a mnyamatayu akanakhala ali mumdima. Tsiku limenelo chitseko chinali m'dzanja langa ndekha. Pa atatufe, amene analangidwa chifukwa cha mwanayu ndine."

"Bwana, musadziyeretse," anatero Msaiwale. "Zaka zonsezi munkanenepa ndi zimene ife tinkaba. Ine ndinkaba ndi manja, inu munkangotsegula thumba."

"Ndi zoona," anayankha bamboyo. "Koma thumbalo ndi limene munapezamo moyo wa mwana."

Apo Lekeleni anasendera pafupi ndi foni. "Amalume, ndifunsireni kwa amayiwo. Pa tsamba lija panali nyimbo za kwaya yathu, zoimba tokha. Panali bambo wina wophunzitsa kukonza mjigo. Panali ukwati wa achimwene anga, mmene muli nkhope ya malemu bambo athu akuvina, ndipo kwina kulikonse nkhope imeneyo kulibe. Zimenezo sizinali zakuba. Kodi iwo ankafuna kuti zipite nazonso?"

A Kachingwe anamasulira funsolo.

"Ndinapempha kuti andibwezere changa," anatero Mayi Rosalba. "Sindinadziwe kuti dzanja la lamulolo ndi lalitali chotere, kufika mpaka kwa bambo ako. Pepa, mwanawe. Koma ukandifunsa ngati ndikanangokhala chete anthu akunditengera zaka zisanu za moyo wanga, ndikuuza zoona, sindikanakhala chete."

Batire linatha mlandu usanathe. A Kachingwe anapinda magalasi, nati, "Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, koma funso ili landikanika. Mwana ndi wako, Ndaziona. Sankha."

Ndaziona anaganiza mpaka kunja kunacha. Akati asankhe mzamba, ankakumbukira kuti lamulo limene mzambayo anapempha likanagwira ntchito pa tsiku lake, bwenzi mwana ali kumanda. Akati asankhe Msaiwale, ankaona ana aja osayamwa amene palibe adzawaone. Akati asankhe Bambo Anselmo, ankadzifunsa ngati masiku atatu angatsuke zaka zonse zodya za eni.

M'mawa anamanga mwana pachifuwa n'kupita ku sikelo, pansi pa mtengo wa mango wa pa tchalitchi. Pamzere panali atsikana awiri oyembekezera. Ndaziona anawayang'ana mimba, nakumbukira kuti pa chulu patsala mdima wokha. Anaima pakati pa amayi onse, namasula chitenje.

"Taonani kuno. Akadzabadwa wochepa, musadzamukulunge m'mabulangete. Miyendo izikhala chonchi. Mutu uziyang'ana uku. Kachipewa kaziphimba makutu."

Amayi anamuzungulira, ena akuyesa ndi ana awo, ena ndi mabotolo a madzi. Mayi wina wanthabwala anakuwa ali kumbuyo, "Samala, Ndaziona! Iwenso wayamba kuba filimu ya eni. Akutseka!"

Anaseka onse, koma Ndaziona anayang'ana kumwamba kaye asanaseke.

Nthawi yake itakwana, mlangizi wa zaumoyo anakoleka mwanayo pa sikelo, nagwedeza mutu mokondwa, natsegula buku. Mzere woyamba unali wopanda kanthu.

"Mayi, miyezi itatu tsopano tikungolemba kuti mwana wa Ndaziona. Lero sindikubwezerani bukuli lopanda dzina. Watcha ndani, ndipo akuti ndani?"

Cholembera chinali m'mwamba.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni Ndaziona. Dzina la mwanayu atche ndani: mzamba amene anadziwa njira koma anapempha lamulo lotseka chitseko, wakuba amene anaifikitsa m'chinenero chathu koma anapha filimu yachiwiri, kapena mwini tsamba amene anadya za eni zaka zonse koma anabweza chala masiku atatu?