Ulusi Womangidwa pa Chitsa

Kalekale, chaka china masuku atapsa kuphiri, nyama za kudambo zinatha sabata zitatu osamva uthenga.

Njira za uthenga zinali ziwiri. Yoyamba inali ulusi wa Kangaude, wochoka kudambo mpaka kuphiri. Masuku akapsa, Gologolo wa kuphiriko ankaugwedeza. Yachiwiri inali ya m'mwamba, ya Namzeze. Lamulo linali lakuti Namzeze aziuluka pokhapokha ulusi ukaduka. Woyang'anira anali Chule. M'mawa uliwonse ankaukhudza, thii! n'kunena, "Ngwolimba. Namzeze, khalani pansi."

Nyama zinkaonda. Nguluwe yekha ankanenepa.

Nalimata anatsata ulusi uja. Chapakati anaupeza wodulidwa, womangidwa pa chitsa, pansi pali mapazi a Nguluwe. Anabwerera n'kuitanitsa msonkhano.

"A Chule, ulusiwu unalankhula liti komaliza?"

"Ngwolimba," anatero Chule.

"Sindinafunse kulimba. Ukuyankha?"

Nguluwe anadzuka, fwee! "Iwe kamwana ka pakhoma, ukutsutsa akuluakulu? Ndikuponda!"

"Pondani, achimwene. Mchira ndimera wina, koma funso langa likhala pomwepa. Kuyambira mawa tizikoka katatu. Gologolo akapanda kukoka katatu, Namzeze aziuluka, ulusi ulimbe usalimbe."

Nyama zinavomera.

Kutacha Nguluwe anathamangira ku chitsa kuja, nagwira ulusi ndi mano. Nalimata anakoka: gwe, gwe, gwe. Yankho linabwera: GWE! Chule, amene anagwirizira ulusi, anagwa chagada.

"Wayankha!" anakuwa Chule ali m'matope.

"Gologolo wake uti wogwetsa munthu chonchi?" anatero Nalimata. "Namzeze, nyamukani."

Namzeze anapita, nabwera ndi suku kukamwa. Nyama zonse zinadzera njira ya kuseri, ulendo wa kuphiri. Nalimata anatsala. Anakoka katatu, Nguluwe anayankha. Anakokanso, Nguluwe anayankhanso. Akati achoke akadye, gwe, gwe, gwe. Kuchoka n'kudziulula, choncho anakhala. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, mimba ikulira kulukulu, iye ali gwe, gwe, gwe.

Madzulo nyama zinatsika zitakhuta, ndipo zinamupeza Nguluwe pa chitsa paja, ulusi uli kukamwa.

"Kodi a Gologolo, mwakula liti chonchi?" anafunsa Fulu.

"Ndimaukonza," anatero Nguluwe.

Nalimata anafika atanyamula suku lija lomwe Namzeze anamusungira. Analidya pamaso pa Nguluwe, pang'onopang'ono, nam'patsa nthangala.

Kangaude analumikiza ulusi tsiku lomwelo. Nyama sizinamuchotse ntchito Chule, koma zinamuphunzitsa kufunsa. N'chifukwa chake mpaka lero amalira kawirikawiri, kudikira yankho.

Ana inu, ndi inu akuluakulu a makompyuta, mukaona waya walowa bwino pamalo pake musafulumire kunena kuti zonse zili bwino. Funsani ngati kutsidyako akuyankha, ndipo mudziwe amene akuyankhayo.

Nthano yanga yaduka apa, ndipo sindiimanga pa chitsa. Ulusi ulipo, Namzeze alipo, Nguluwe akudya mizu.